Wawonongeka Kapena Amuwononga?

Mwana akagwetsa mbale sapita kwa amayi ake kukanena kuti "ndaswa mbale." Amati "mbale yasweka." Amayi nawo, poti Chichewa anayamba kuchiyankhula mwanayo asanabadwe, amafunsa kuti, "Yasweka yokha?" Onse awiri akudziwa chimene kalembo ka k kachita pa mneniyo: kachotsa munthu m'chiganizo n'kusiya mapale okha pansi.

Aphunzitsi a Chichewa amautcha msintho umenewu wochitidwa m'chibisira, posiyanitsa ndi wochitidwa poyera. Ukati "mbale yaswedwa," womvera akhoza kufunsa kuti "ndi yani?" ndipo chiganizocho chili ndi malo oikapo yankho: yaswedwa ndi uje. Ukati "yasweka," malo a munthu woswayo palibe. Sam Mchombo, katswiri wathu wa zinenero amene wakhala akuphunzitsa ku Berkeley, anaunika kusiyana kumeneku m'buku lake la 2004 lofotokoza kaumbidwe ka ziganizo za Chichewa. Msinthowu pawokha ulibe cholakwa. Timaufuna ponena za chingwe chimene chaduka, denga limene lasasuka, nsalu imene yang'ambika chifukwa cha kutha. Chimene chikundiwawa n'chakuti tinaunyamula n'kukauika pa anthu.

"Mwana uja anawonongeka." "Mayi aja anasokonezeka." "Mnyamata uja anabalalika." Ziganizo zimenezi timazinena pa chitsime, pa maliro, m'minibasi, nthawi zina ndi chisoni chenicheni. Koma kawirikawiri amene tikumunenayo ndi mtsikana amene malume ake ankamulowera usiku kuyambira ali Sitandade 3, mayi amene wakhala zaka 20 akugona khutu lili ku chitseko kumvetsera ngati bambo abwera ataledzera, mnyamata amene anakulira kwa achibale komwe nsima inali ya ana a m'nyumbamo ndipo chikwapu chinali chake. Anthu amenewa sanawonongeke okha. Alipo amene anachita, ali ndi dzina, nthawi zambiri ali ndi mpando wake ku tchalitchi kapena ku mzikiti. Chiganizo chathu chamutulutsira khomo la kuseri, ndipo amene watsala pabwalo kuti anthu amuyang'ane ndi wopwetekedwayo.

Wina anganene kuti ndikukulitsa nkhani ya kalembo kamodzi. Tione kaye chimene madokotala anapeza za anthu otere, kenako aweruze.

Mu 1992 Judith Herman, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Harvard, anatulutsa buku lotchedwa Trauma and Recovery. Mfundo yake inali yakuti munthu amene waona choopsa kamodzi, monga ngozi ya pamsewu, amavulala mosiyana ndi munthu amene wakhala m'manja mwa womuzunza kwa miyezi kapena zaka popanda kothawira. Herman anaika pamodzi anthu amene ambiri sankawaganizira pamodzi: akaidi a ndale, ogwidwa ukapolo, akazi omenyedwa m'banja, ana ozunzidwa ndi owalera. Panapita zaka zambiri akatswiri akutsutsana, koma bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linadzaika vutoli m'ndandanda wake wa matenda wa ICD-11, umene mayiko anauvomereza mu 2019 ndipo unayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2022. M'menemo likutchedwa complex PTSD. Munthu wake amakhala ndi zizindikiro za aliyense amene anaona zoopsa: zakale zimamubwerera ngati zikuchitika pompano, kutulo kapena masanasana, amapewa malo, anthu ndi nkhani zomukumbutsa, amakhala tcheru nthawi zonse, chitseko chikangomenyeka iye wadzidzimuka. Pamwamba pa izi pali zina zimene zimadza ndi kutalika kwa nkhanza. Mtima wake umavuta kuugwira, mwina umayaka msanga mwina umangochita dzanzi. Kukhala pafupi ndi anthu kumamulemera, ngakhale amene amamukonda. Ndipo amadziona wachabechabe, wodetsedwa, wolephera, wodziputira yekha zimene zinamugwera.

Chizindikiro chomalizachi ndicho chandichititsa kulemba. Munthu wozunzidwa kwa nthawi yaitali amakhala kale ndi chiganizo cha m'chibisira mumtima mwake. Amadziuza kuti "ndinawonongeka, ndine wotha ntchito, ndinabadwa choncho." Mwana sangathe kuvomereza kuti munthu amene amamudyetsa ndi woipa, chifukwa akatero alibenso pogwira; choncho kuipako amadzisenzetsa yekha, n'kukula nako. Ndiye ife tikabwera ndi "anawonongeka" wathu, tikuvomerezana ndi matendawo. Tikumuuza m'chinenero chake chomwe kuti chimene nthenda yakhala ikumunong'oneza n'choona. Pamene tikati "anamuwononga," kapena bwinonso "anamuzunza," "anamulakwira," mneniyo ali ndi mwininkhani, ndipo mwininkhaniyo si iye.

Pali chinthu china chimene Chichewa chili nacho chimene timachitaya mwaulesi, ndicho nthawi ya mneni. "Anamumenya" ndi "ankamumenya" si chiganizo chimodzi. Choyamba chili ndi tsiku, chikhoza kulembedwa m'buku la apolisi ndi ola lake. Chachiwiri chilibe tsiku chifukwa masiku onse anali ake. Mphatikiri nka amanyamula ndendende chimene Herman anafuna kuti madokotala anzake aone: kubwerezabwereza, kuzolowera, kudzuka m'mawa uliwonse ukudziwa kuti zichitikanso. Anthu a ku Chilobwe ndi ku Soche amene anapulumuka Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anganene kuti "madzi anatikokolola," ndipo bala lawo ndi lalikulu, sindikulichepetsa. Koma mayi amene akunena kuti "ankanditsekera m'nyumba" akutiuza za bala la mtundu wina, lofuna chisamaliro chotalikirapo. Mlembi wa ku polisi, namwino, mtolankhani kapena mkulu wa mpingo akamva "ankanditsekera" n'kulemba "anamutsekera," wafupikitsa zaka kukhala usiku umodzi. Ndipo aliyense wowerenga pambuyo pake adzadabwa kuti nanga mayiyu akulephereranji kuiwala za usiku umodzi.

Jack Mapanje, amene ambiri amamudziwa ngati mlakatuli, ndi katswirinso wa zinenero. Digiri yake ya udokotala, imene anamaliza mu 1983 ku University College London, inali younika nthawi za aneni m'Chiyao, Chichewa ndi Chingerezi. Mu Sepitembala 1987 anamangidwa, n'kusungidwa ku ndende ya Mikuyu osazengedwa mlandu mpaka Meyi 1991. Vera Chirwa anagwidwa kumapeto kwa 1981 ndipo anatuluka mu Januwale 1993, mwamuna wake Orton atafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Sindikuwapima matenda anthu amenewa, si ntchito yanga. Ndikungoonetsa kuchepa kwa mneni "anamangidwa." Kumangidwa ndi kwa tsiku limodzi, chimene chinatsatira chimafuna "ankawasecha," "ankawamana makalata," "ankadikira osadziwa tsiku." N'chimodzimodzi ndi abale athu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni amene anakhala pakati pathu ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi maboma ena nkhondo ya kwawo isanathe ndi pangano la ku Rome mu Okutobala 1992. Timati "anathawa nkhondo," ngati anangonyamuka m'mawa wina. Ambiri ankathawa: ankagona kutchire, ankabwerera kukakumba chinangwa, ankathawanso. Ana amene anakula m'nyengo imeneyo lero ndi makolo ndi agogo, mbali zonse za malire, ndipo Chichewa ndi chimodzi mwa zinenero zimene ambiri a iwo angafotokozeremo akapeza wowamvera.

Koma nkhanza zotalika zambiri sizichitikira ku Mikuyu kapena ku nkhondo. Kafukufuku amene boma la Malawi linachita mu 2013 mothandizana ndi UNICEF ndi mabungwe ena anapeza kuti pafupifupi mtsikana 1 mwa 5 aliwonse ndi mnyamata 1 mwa 7 aliwonse anachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana asanafike zaka 18, ndipo ambiri mwa iwo anati sizinachitike kamodzi. Tsono tamverani mmene timazinenera. "Bambo wina wamangidwa chifukwa chogonana ndi mwana wa zaka 9." Chiganizo chimenechi ndimachimva pa wailesi ndipo thupi limachita tsembwe. Mphatikiri an ndi wa msintho wochitirana: kukondana, kuthandizana, kupatsana moni. Amafuna anthu awiri ochita mofanana. Mwana wa zaka 9 sagonana ndi munthu. Anamugwirira. Mawu amenewa alipo, ndi Chichewa chomveka, sakutukwana. Wowerenga nkhani amene amawazemba poganiza kuti akusunga ulemu adziwe kuti ulemuwo wapita kwa wogwirirayo, ndipo mwana wapatsidwa theka la mlandu. Kwinakwake mtsikana amene zake sanaululepo akumvetsera wailesi yomweyo, akuphunzira kuti nayenso anachita nawo.

"Kuchimwitsa" ndi mawu ena otere. Timati "aphunzitsi amuchimwitsa," kutanthauza kuti amupatsa mimba. Poyamba amamveka ngati akuloza wolakwa, koma taonani kumene tchimo lagwera. Kudyetsa ndi kuchititsa wina kudya, kuchimwitsa ndi kuchititsa wina kuchimwa. Wochimwa m'chiganizomo ndi mwana wa Fomu 1. Kuyambira 2017, pamene Malamulo Aakulu a dziko lino anasinthidwa, aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana. Lamulo linasuntha, koma lilime lathu likadali kumbuyo, likunenabe za "chibwenzi" cha bambo wa zaka 45 ndi mwana wa sukulu.

M'banja namo an yemweyu amagwira ntchito yobisa. Mayi afika kwa ankhoswe diso litatupa, ndipo ankhoswe atsegula nkhani ndi mawu akuti, "Tamva kuti mwayambana." Kuyambana kulipo m'banja lililonse, ndipo ankhoswe alipo chifukwa cha iko. Koma pamene mmodzi amamenya ndipo wina amabisa nkhope, "kusamvana," "kukangana" ndi "kumenyana" ndi mabodza. Kuchokera pa bodza limenelo chigamulo chimadziwikiratu: nonse muli ndi mbali yanu, gwiranani chanza, banja ndi kupirira. Malawi ali ndi lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja kuyambira 2006. Lamulolo silingathandize mayi amene nkhani yake yasanduka "kusamvana" isanatuluke n'komwe pa khonde la ankhoswe. Ndimalemekeza unkhoswe, ndipo ndikudziwa kuti ankhoswe ambiri amasankha mawu ofewa pofuna kuti anthu akhale pansi. Komabe nkhoswe ya mkazi imene ingalimbe mtima n'kunena kuti "Alamu, mwakhala mukumumenya mlongo wathuyu" yachita ntchito yake kuposa imene yasalaza.

Za mawu akuti "wamisala," "wopenga," "wozungulira mutu," "wofunika ku Zomba" sindichulutsa, ena ananena kale. Ndingoti munthu amene amanjenjemera akamva fungo la kachasu, kapena amene amangoti duu osayankha mwamuna akakweza mawu, sakupenga. Thupi lake linaphunzira bwino phunziro limene linamupulumutsa nthawi ina, ndipo silinauzidwe mokwanira kuti nthawiyo inatha. Chipatala cha Zomba Mental ndi cha St John of God ku Mzuzu ndi malo a chithandizo. Tikamasandutsa dzina la Zomba chitonzo, tikutsekera njira anthu amene akanapitako.

Tsopano za kuchira, kumene chinenero chathu chili ndi chuma chimene sitichiona. Herman anati kuchira kumayenda m'magawo. Choyamba munthu akhale pamalo potetezeka, pamene womuzunza sangamufikire, athe kugona ndi kudya. Kenako, akafuna ndiponso akakonzeka, akumbukire ndi kulira zimene anataya. Pambuyo pake ayambe kulumikizananso ndi anthu ndi moyo wa tsiku ndi tsiku. Herman yemweyo ananena kuti ulendowu suyenda mowongoka, munthu amapita patsogolo n'kubwerera. Ife timakonda kudumpha zonsezi ndi mawu awiri: "Ingoiwalani" ndi "Khululukani." Timawanena mwa lamulo, kwa munthu amene moyo wake wonse wakhala wolamulidwa. Sindikutsutsa kukhululuka; ndaona anthu amene kunawamasula. Koma kukhululuka kumene munthu wakakamizidwa akadali m'nyumba imodzi ndi womuzunza ndi kumutseka pakamwa chabe. Kuiwala nako sikulamulika. Munthu angalamulidwe kusiya kunena, ndipo ambiri amasiyadi, zotsalazo n'kumatulukira m'mutu wosatha kupweteka, m'kusowa tulo, m'chimene ku chipatala amangoti "ndimaganiza kwambiri."

Tamverani mmene timagwiritsira ntchito mphatikiri be. "Ukuganizabe zomwezija?" "Mpaka lero ukulirabe?" Pa odwala ena be ndi wachifundo: "Akudwalabe, tiyeni tikawazonde." Pa wovulala mumtima amasanduka chidzudzulo, ngati panali tsiku limene tinagwirizana kuti akhale atachira ndipo iye wachedwa dala. Palibe tsiku lotero. Bala limene linatenga ubwana wonse kuti lipangike silingapole pofika Khirisimasi chifukwa choti abale atopa nalo.

Mphatikiri amene ndimamukonda ndi ko. Mukazonda wodwala n'kufunsa kuti "Mwadzuka bwanji?" iye n'kuyankha kuti "Ndadzukako," mumadziwa kuti sanachire koma sali ngati dzulo, ndipo mumakondwera naye pa mlingo womwewo. "Ndagonako." "Ndadyako." "Ndikupezako bwino." "Lero ndinatulukako." Kamphatikiri aka kamalola munthu kunena zoona popanda kudzinamiza kuti zonse zatha ndiponso popanda kutaya mtima. Kuchira kwa munthu wozunzidwa kwa zaka kumayenda ndi ko. Wagonako usiku wonse osalota. Wakanako chinthu osapepesa. Wasekako pa chinkhoswe cha mnzake. Mwezi wamawa mwina abwerera m'mbuyo, koma "wagonako" uja sanafufutike. Alangizi, abusa, anamwino ndi ife abale tikanaphunzira kufunsa ndi ko, kuti "Sabata ino mwagonako?" m'malo mwa "Kodi munachira?", tikanamva mayankho ambiri oona. Funso loyamba lili ndi malo a pang'ono. Lachiwiri limangofuna inde kapena ayi, ndipo munthu wozolowera kusangalatsa ena kuti apulumuke adzayankha inde.

Tili ndi "pepani" amenenso ndi wamtengo wapatali. Pa maliro timati "pepani" osati chifukwa tapha ndife, koma kuti tavomereza kuti chinthu chachikulu chatayika ndipo tabwera kudzakhala nanu. Timakhala pansi, sitifunsa mafunso ambiri, sitiuza namfedwa kuti aleke kulira tsiku lomwelo. Munthu amene akuulula koyamba, mwina ali ndi zaka 40, zimene ankamuchita ali mwana, akufuna "pepani" wa mtundu umenewo. Chimene amalandira kawirikawiri ndi mafunso a nji: "Unalekeranji kukuwa? Unakhaliranji chete zaka zonsezi? Unabwereranji kunyumbako?" Mafunso onsewa mwininkhani wake ndi iye. Palibe limodzi lofunsa za wochitayo. Mayankho ake ndi odziwika kale kwa aliyense woganiza: anali mwana, ankaopsezedwa, wochitayo ndiye ankalipira fizi, anayesapo kunena ndipo anauzidwa kuti za m'nyumba saulula. Ku nthambi za polisi zothandiza ozunzidwa, ku malo a Chikwanekwane monga a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kapena pa nambala yaulere ya ana ya 116, mafunso ena ayenera kufunsidwa ndithu kuti mlandu uyende ndi kuti munthu atetezedwe. Koma "zinayamba liti, ankachita kangati, pano muli potetezeka?" amapeza zoona zambiri kuposa "unalekeranji."

Mwina wina wayamba kale kukonzekera kukakonza Chichewa cha anthu ovulalawo. Ayi, chonde. Zonse ndanenazi ndi za ife onena za ena: atolankhani, omasulira m'makhoti, olemba mabuku a sukulu, alaliki, ankhoswe, anansi. Mwini bala ali ndi ufulu wolitchula mmene angathere. Ena amayamba ndi "zinachitika," osatchula chimene chinachitika. Ena amati "anandichita chipongwe," ena "ankandipanga zinthu," ena amanena za iwo eni ngati akunena za munthu wina: "panali mwana wina." Chibisira chimenecho ndi chawo, chawasunga amoyo mpaka lero, ndipo adzachichotsa pa nthawi yawo. Kumukakamiza munthu kuti anene "anandigwirira" asanakonzeke ndi kumulandanso ulamuliro pa nkhani yake, chimene womuzunza uja anachita kale.

Chimene tingachite ndi kusamala chiganizo chathu poyankha. Mayi akati, "Ine ndinawonongeka kalekale," sitiyenera kuwatsutsa kapena kuwaphunzitsa za aneni. Sitiyeneranso kubwereza mawu awowo. Tikhoza kunena kuti, "Pepani amayi. Anthu aja ankakulakwirani kwambiri, ndipo inu munali mwana." Mwina sayankha. Mwina akana, n'kunena kuti nawonso anali wosamva. Tisalimbane nawo, tifunse ngati kumene akukhala pano kuli bwino, ngati alipo amene amacheza naye za zimenezi, ndiponso ngati angafune kuti tiwaperekeze kwa mlangizi kapena ku chipatala tsiku limene iwo asankhe.